Robots.txt ndi chikwangwani, si loko

Owerenga wina watilembera kuti: "Ndili ndi webusaiti yogulitsirapo katundu. Ndikufuna Google izindipezabe koma ma crawler a makampani a AI asamatole zolemba zanga. Komanso tsamba la mitengo ya opikula ndinalitseka mu robots.txt, koma likuonekabe pa Google. Ndalakwitsa pati?"

Mbali yoyambayo njosavuta. Fayilo ya robots.txt, yomwe imauza ma crawler (mapulogalamu oyendayenda pa intaneti kutola zolemba) malo omwe sayenera kulowa, iyenera kukhala pamwamba penipeni pa domain yanu (dzina la webusaiti yanu), moti munthu akalemba adiresi ya webusaiti n'kuwonjezera /robots.txt aipeze. Mukaiika mu foda ina, palibe crawler angaiwerenge, ndipo subdomain iliyonse (monga shop.dzinalanu.com) imafunika yakeyake. Lembanimo motere:

User-agent: GPTBot
Disallow: /

User-agent: CCBot
Disallow: /

GPTBot ndi wa OpenAI, CCBot ndi wa Common Crawl, bungwe lotolera masamba a pa intaneti omwe makampani a AI amagwiritsa ntchito. Google-Extended, yemwe amaimira AI ya Google, mungamuletse chimodzimodzi, ndipo kutero sikukuchotsani pa Google Search chifukwa kumeneko amayendako ndi Googlebot. Chenjerani ndi kanyenyezi: mukalemba User-agent: * kenako Disallow: /, mwathamangitsa onse, Googlebot ndi Bingbot (wa Bing) yemwe.

Vuto lanu lenileni lili pa tsamba la mitengolo. Disallow imauza crawler kuti asalowe, siiuza Google kuti iiwale adiresiyo. Ngati tsamba lina lili ndi linki yolozera kumeneko, adiresiyo ikhoza kuonekabe, kungoti yopanda mawu ofotokozera. Chochotsera tsamba ndi noindex, lamulo louza Google kuti isaonetse tsambalo, yomwe imaikidwa m'gawo la head la code ya tsambalo kapena mu header ya X-Robots-Tag (uthenga womwe seva imatumiza limodzi ndi tsamba). Apa mpomwe ambiri amakodwa: amaika noindex koma Disallow osaichotsa. Googlebot angaione bwanji noindexyo pomwe mwamuletsa kulowa? Chotsani Disallow kaye kuti alowe, awerenge. Kulemba noindex m'kati mwa robots.txt nakonso n'kutaya nthawi, Google inasiya kuimvera mu 2019.

Koma kwa ife, mitengo ya opikula siyofunika njira ziwirizi. Kuyambira 1994 pomwe Martijn Koster anayambitsa dongosolo la robots.txt, crawler amamvera mwa kufuna kwake, ndipo fayiloyo aliyense atha kuitsegula. Mukalembamo /mitengo-yapadera/ ndiye kuti mwawalozera nokha opikisana nanu pomwe pali chuma. Tsambalo liikeni pasiwedi. Ma bot amwano, odzitcha dzina la Googlebot mwabodza, atsekereni pa seva kapena kudzera pa Cloudflare, kampani yoteteza mawebusaiti.

Mukasintha fayiloyo musadabwe ngati zinthu sizisintha pompopompo, Google imasunga kope lakale mpaka pafupifupi maola 24.