Malangizo osanena chomwe chida chimawononga ndi malonda chabe

Mayi ena a ku Matawale, omwe amasunga mabuku a fizi pasukulu ina yapulaiveti, andilembera imelo. Akuti abwana awo apeza chida choti AI izisintha yokha mafayilo a Excel, ndiye iwo angadziwe bwanji ngati malangizo a chidacho ndi abwino? Mayi, mundipirire, chifukwa funso lanu landikumbutsa nkhani yomwe imandiwawabe mumtima.

Chaka chatha gulu lina la banki mkhonde cha ku Chinamwali linandiitana kuti ndikawaonere mabuku. Ndinapeza msungichuma, mayi wachikulire wogulitsa matimati, atakhala pamphasa maso ali gwa pansi, anzake akunong'onezana kuti wadya ndalama. Mdzukulu wake ndiye anamuikira mabuku a gululo mu Excel. Mamembala atatu atalowa, mnyamatayo anauza AI yolumikizidwa ndi chida china kuti iwaike pakati pa mndandanda potsata maina. AI inalowetsa mizere itatu, n'kunena kuti ntchito yatheka. Koma fomula ya SUM yophatikiza ngongole inapitiriza kuwerenga mizere yakale yomweyo, moti anthu atatu omaliza, amene anakankhidwira pansi, anatsala kunja kwa chiwerengero. Ngongole zawo zinasowa papepala. Pophatikiza ndalama za m'bokosi ndi ngongole, sizinafike pa masheya. Mayi uja anagona masiku osadya bwino pa mlandu wa mizere itatu. Nditawaonetsa pomwe fomula inalekezera, ena anapepesa, koma ena mpaka lero akuti utsi sufuka popanda moto.

Usiku womwewo ndinawerenga malangizo a chidacho. Pa nkhani yolowetsa mizere panali chiganizo chimodzi: chimalowetsa mizere pamalo omwe mwasankha. Basi. Pamwamba pake panali ndime zokometsera za liwiro lake. Chomwe chinandikwiyitsa kwambiri n'chakuti chidacho chinamangidwa pa openpyxl, pulogalamu yowerenga ndi kulemba mafayilo a Excel yomwe zida zambiri zotere zimadalira, ndipo malangizo a openpyxl amanena poyera kuti ukalowetsa kapena kuchotsa mizere, mafomula sasintha okha. Chenjezo linalipo. Wopanga chidacho sanalikopere.

Mwina mungati munthu akanazindikira. Inde, inu mukanazindikira, chifukwa manambala a sukulu yanu mumawadziwa pamtima. AI ilibe mwayi umenewo. Pa njira yolumikizira AI ndi zida zotere yotchedwa Model Context Protocol, yomwe kampani ya AI ya Anthropic inatulutsa mu 2024, AI imapatsidwa dzina la chida, mawu ofotokoza ntchito yake, ndi mndandanda wa zomwe iyenera kutumiza. Ili ngati wantchito watsopano wachangu amene wasiyiridwa kalata patebulo, mwini nyumba atapita kumudzi: zomwe sizinalembedwe azingoganizira. Ndipo poganizirapo imatengera khalidwe la Excel yeniyeni, yomwe imakonza mafomula ukalowetsa mzere pakati.

N'chifukwa chake ndikunena mosapsatira kuti malangizo opanda gawo la zomwe chida sichingathe ndi malonda, si malangizo. Kale ndinkayamikira malangizo okhala ndi zitsanzo zambiri. Pano zitsanzo zoyenda bwino zokhazokha zimandichititsa mantha. Aliyense angathe kuonetsa tebulo la mizere isanu yoyera. Mafayilo athu si oyera. Muli maselo (timabokosi ta tebulo) ophatikizidwa chifukwa ahedi amakonda mutu waukulu pakati, muli mitundu yomwe tanthauzo lake amalidziwa munthu mmodzi.

Ndiye pali manambala a foni. Athu amayamba ndi ziro, 088 kapena 099, ndipo chida chikawatenga ngati nambala yowerengera, ziro uja amathawa, uthenga wa fizi kwa makolo osafika. Madeti nawo ndi msampha. Excel imasunga deti ngati nambala ya masiku, ndipo mpaka lero imawerenga 29 February 1900, tsiku lomwe kunalibe, chifukwa inatengera cholakwika cha Lotus 1-2-3, pulogalamu yakale ya matebulo. Ife tikalemba 03/04 timatanthauza pa 3 Epulo, pomwe chida chopangidwira ku America chingawerenge kuti pa 4 Malichi. Musaganize kuti izi ndi za ife osauka okha. Mu 2020 ku England, zotsatira 15,841 za anthu opezeka ndi Covid-19 zinachedwa kulowa m'chiwerengero chifukwa anagwiritsa ntchito mtundu wakale wa fayilo ya Excel wotchedwa XLS, womwe umathera pa mizere 65,536. Fayiloyo sinakuwe. Inangodula.

Nanga muchite chiyani, Mayi?

Tsegulani malangizowo mufufuze mayankho a mafunso awa. Kodi chidacho chimawerengetsa mafomula, kapena chimangowalemba? openpyxl siwerengetsa, ndipo ukatsegula fayilo ndi data_only=True (lamulo loti iwerenge zotsatira zokha) kenako n'kuisunga, mafomula onse amasanduka manambala ouma. Kodi matchati ndi zojambula zimatsala fayilo ikasungidwa? Chikalephera chimabweza uthenga wotani, woti AI ingamve n'kusiya, kapena chimangoti zatheka? Kodi chimalemba pa fayilo yomweyo kapena pa ina yatsopano?

Kenako kopani fayilo ya fizi ya teremu yatha, yomwe mayankho ake mukuwadziwa kale. Uzani AI ilowetse mwana pakati, ilembe nambala ya foni ya kholo ndi deti lolipirira. Tsegulani mu Excel, dinani selo ya chiwerengero chonse, muone mizere yomwe fomula ikuwerenga. Chikachita chinthu chomwe malangizo sanachitchule, auzeni abwana kuti fayilo yeniyeni isakhudzidwe, ndipo muwauze polemba, deti lili pamwamba.