Kodi a San a ku Botswana akusakabe ndi uta?

Mayi wina wanditumizira imelo ataona zithunzi za ku Botswana. Akufunsa kuti: "Anthu ovala zikopa, onyamula uta ndi mivi aja, amakhaladi choncho mpaka lero, kapena ndi sewero lokopera alendo?"

Mayi, luso lomwe mwaonalo si lachinyengo ayi. Makolo a San, omwe ku Botswana amatchedwanso Basarwa, akhala m'chipululu cha Kalahari zaka zikwi zambiri. Ankasunga madzi m'zikamba za mazira a nthiwatiwa, ankapaka mivi yawo ululu wochokera ku mphutsi za kachilombo kena, ndipo munthu ankatha kuyang'ana mapazi a nyama n'kudziwa kuti yadutsa liti. Kumapiri a Tsodilo kuli zojambula pamiyala zoposa 4,500, ndipo UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za chikhalidwe, idaika malowa m'kaundula wake wa malo ofunika padziko lonse mu 2001. Komanso a San si mtundu umodzi: kuli a Naro, a Ju|'hoan, a G|ui ndi ena, aliyense ndi chiyankhulo chake.

Koma zikopazo ambiri amavalira kamera. Alendo akachoka amavala malaya n'kubwerera kwawo, komwe ena amaweta ng'ombe za eni mafamu a ku Ghanzi, ena amadikira thandizo la boma. Ine sindiwadzudzula, ntchito ndi ntchito. Chimene chimandiwawa n'chakuti chithunzicho chimabisa nkhani ya malo.

Mu 1961 atsamunda a ku Britain adakhazikitsa nkhalango ya Central Kalahari Game Reserve, mwa zina pofuna kuti a San apitirize moyo wawo momwemo. Koma mu 1997 ndi mu 2002 boma la Botswana lidawasamutsira kumidzi yatsopano monga New Xade ndi Kaudwane. Boma linkati likufuna kuwafikitsira sukulu ndi chipatala pafupi komanso kuteteza nyama. Otsutsa kusamutsaku ankati chifukwa chenicheni ndi dayamondi wa ku Gope, m'kati mwa nkhalango yomweyo. Boma lidakana zimenezi, komabe mgodi udatsegulidwa kumeneko mu 2014.

Anthuwa sadapinde manja. Motsogozedwa ndi Roy Sesana adakasuma, ndipo mu Disembala 2006 Khoti Lalikulu lidagamula kuti adachotsedwa mophwanya malamulo. Mungaganize kuti nkhani idathera pomwepo. Ayi ndithu. Boma lidati chigamulocho chikukhudza okhawo omwe maina awo adali pamlandu, enawo azitenga chilolezo pokaona abale. Chitsime cha ku Mothomelo, mudzi wa m'nkhalangomo, chomwe chidatsekedwa mu 2002 chidafunanso mlandu wina, womwe adapambana pa apilo mu 2011. Tangoganizani, Mayi, kuuzidwa kuti bwererani kwanu koma madzi musatunge!

Za kusakazo, mu 2014 dziko lidaletsa ulenje, ndipo chiletsocho chidachotsedwa mu 2019. Kusaka m'nkhalango popanda chilolezo kumamangitsa munthu, n'chifukwa chake uta umaoneka kwambiri pamaso pa alendo kusiyana ndi kutchire.

Chikhalidwe chokha sichidafe. Gule wochiritsa, yemwe amayi amaimba n'kuomba m'manja kuzungulira moto usiku wonse, akuvinidwabe, ndipo kumudzi wa D'Kar kuli gulu la Kuru Art Project lomwe zojambula zake zimagulidwa mpaka kunja. Pandale naponso pasuntha pang'ono. Duma Boko, yemwe adali mmodzi wa maloya a San pamlandu uja, adakhala pulezidenti mu 2024, ndipo mu Disembala chaka chomwecho boma lake lidalola kuti mkulu wina wa San, yemwe mtembo wake udakhala m'mochale pafupifupi zaka zitatu makhoti atakaniza, akaikidwe kumalo a makolo ake m'nkhalangomo.