Funsani Mmisiri: Kanyumba ka pampu tikapake simenti?

Funso: Bambo mmisiri, pamalo amene malemu bambo anatisiyira, kufupi ndi mtsinje wa Mudi, pali kanyumba ka njerwa kakalekale. M'kati mwake muli mapaipi akuluakulu ndi chigudumu chachitsulo chotsegulira madzi. Agogo ankati nthawi ya atsamunda munali makina opopa madzi. Denga likudontha, ndipo khoma lina linang'aluka ndi mvula ya Freddy. Achimwene akuti tigulitse zitsulozo, ndalama yake tigulire simenti, tipake pulasitala. Ine mtima ukukana. Titani? Ndine mayi wa ku Ndirande.

Yankho: Mayi, mtima wanuwo ukunena zoona. Achimwenewo muwapatse mpando, muwauze mwaulemu kuti anyamata ogula zitsulo zakutha ayambe adikira. Kanyumbako mukakachotsa chigudumu ndi mapaipi, katsala ngati khola la nkhuku, palibenso wodziwa kuti kanali ka chiyani.

Zimene ankanena agogo musazitaye. Blantyre Water Board inayamba m'chaka cha 1929, ndipo mzinda unkamwa madzi a Mudi kalekale, damu lalikulu la Mudi lisanamangidwe m'zaka za m'ma 1950. Anthu atachuluka, m'ma 1960 anayamba kupopa madzi a Shire ku Walker's Ferry, kuwakweza phiri kudzera ku Chileka. Choncho kanyumba ka pampu m'mbali mwa Mudi si nthano. Koma musanagwire njerwa ngakhale imodzi, kafunseni ku bodi ya madziyo ngati kali m'mabuku awo, kenako mupite ku Chichiri Museum mukaonane ndi a nthambi yoona za zinthu zakale. Kuli lamulo loteteza nyumba zotere. Mapu ndi zithunzi zakale mukafufuze ku laibulale ya Society of Malawi, bungwe losunga mbiri ya dziko lino, m'chipinda cham'mwamba ku Mandala House.

Tsopano za simenti, poti apa ndiye pamene pandikhudza. Ndili mnyamata, ndikuphunzira ntchito, tinapaka pulasitala wa simenti pa nyumba ina yakale ku Limbe. Inawala, mwini wake mpaka anatiphera nkhuku. Patapita zaka zingapo ndinadutsako, ndinagogoda khomalo ndi chala, likulira ngati ng'oma. Nditabenthula pang'ono, njerwa za m'kati zinali zitasanduka ufa wofiira wonyowa, ukuyoyokera pa nsapato zanga. Manyazi ake sindinawaiwale.

Chimachitika n'chakuti njerwa zakale n'zofewa, ndipo ankazimanga ndi dothi kapena laimu. Khoma lotere limamwa chinyontho nthawi ya dzinja n'kuchitulutsa dzuwa likawomba. Simenti ndi yolimba kuposa njerwazo, imatsekera madzi m'kati, ndiye njerwa zimaolera momwemo inu mukuona ngati zonse zili bwino. Nanji kanyumba kokhala m'mbali mwa mtsinje! Mandala House ija inamangidwa mu 1882, tchalitchi cha St Michael and All Angels chinatha mu 1891, zonse zilipobe. Chimene chimapha nyumba zakale si ukalamba ayi, ndi madzi osowa potulukira.

Yesani nokha. Tengani msomali mukande pakati pa njerwa ziwiri, ufawo muudonthezere viniga. Ukachita thovu, ndi laimu. Ukapanda kutero, n'kutheka kuti ndi dothi. Chimene mwapezacho ndi chimene mmisiri akonzere. Ngati ndi laimu, muyeso wake ndi ndowa imodzi ya laimu pa ndowa zitatu za mchenga wosefa, ndipo akhale laimu womangira. Wothira kumunda uja sagwira, anthu ambiri anataya ndalama pamenepa. Laimu womangirayo amauma pang'onopang'ono, ndiye muphimbe ndi ziguduli zonyowa kwa masiku angapo.

Koma khoma lisakhale loyamba. Yambani denga mvula isanagwe. Bayani mitengo ya kudenga ndi mpeni, ikalowa mosavuta ndiye kuti chiswe chinamaliza kale, musinthe yokhayo yodyekayo. Kumbani ngalande kuti madzi ochokera kumtunda azilambalala maziko. Mng'alu uja musautseke msanga: jambulani mizere iwiri ya pensulo uku ndi uku, muyeze ndi rula, mulembe tsiku, muziyezanso mwezi ndi mwezi. Ukamakula, vuto lili pansi, ndipo pamenepo pakufunika injiniya, osati ine.

Chigudumucho muchikweche ndi bulashi ya waya, muchipake oyilo. Pa zitsulo zotere kawirikawiri pamakhala dzina la kampani imene inaziumba, nthawi zina ndi chaka chomwe. Mukapeza malembo, jambulani pa foni munditumizire.