Funsani Dokotala: Kodi magazi angasonyeze ngati mankhwala a mphumu andithandiza?

Funso: A Dokotala, ine ndi mng'ono wanga tonse tili ndi mphumu, ndipo timabanika kwambiri nyengo ya chiperoni ikafika. Kuchipatala anatipatsa tonse mankhwala opopera m'kamwa a beclometasone. Iye anapeza bwino, koma ine ndapopera miyezi itatu osaona kusintha kwenikweni. Ndamva kuti kuyeza magazi kungasonyeze ngati mankhwala otere angamuthandize munthu. Kodi ndi zoona? Ndine mayi wa ku Luchenza, m'boma la Thyolo.

Yankho: Mayi, zimene mwamvazo zili ndi maziko, ngakhale kuti kwathu kuno zotsatira za magazi ziyenera kuwerengedwa mosamala kuposa kumayiko kumene njira imeneyi inayambira.

Beclometasone ali m'gulu la mankhwala otchedwa steroid, ndipo ntchito yake ndi kuchepetsa kutupa kwa m'kati mwa njira za mpweya pang'onopang'ono. Amasiyana ndi salbutamol, amene amatsegula njirazo m'mphindi zochepa koma kutupako sakukhudza. Tsono kutupa kwa mphumu sikufanana mwa anthu onse. Mwa ambiri kumayendetsedwa ndi maselo oyera a m'magazi otchedwa eosinophil, ndipo maselo amenewa amagonja msanga ku steroid. Mwa ena, makamaka osuta fodya ndi onenepa kwambiri, maselowa amakhala ochepa, choncho mankhwala omwewo amathandiza mochepa.

Zimenezi si zatsopano. Mu 1958, dokotala wa ku Britain, Harry Morrow Brown, anayang'ana makhololo a odwala mphumu pa maikulosikopu ndipo anapeza kuti amene anali ndi ma eosinophil ambiri ankapeza bwino akamwa mapiritsi a steroid otchedwa prednisolone, pamene ambiri mwa amene analibe maselowa sankasintha. Kuyeza makhololo motere ndi ntchito yovuta, n'chifukwa chake masiku ano timadalira magazi. Kuyeza kumene achipatala amakutchula kuti full blood count, makina ake akakhala osiyanitsa mitundu ya maselo oyera, kumapereka chiwerengero cha ma eosinophil. Chikafika 300 kapena kupitirira mu microlitre imodzi ya magazi (kadontho kakang'ono kwambiri), chimene papepala chimalembedwa 0.3, mwayi woti steroid athandize ndi waukulu. Chikatsika pansi pa 150, mwayiwo umachepa, koma sutheratu.

Vuto lathu ndi lakuti ma eosinophil sachuluka chifukwa cha mphumu yokha. Thupi limawachulukitsanso polimbana ndi njoka za m'mimba ndi likodzo, matenda amene ndi odziwika bwino kwa anthu olima m'madimba ndi ochapa kumtsinje m'maboma a Thyolo ndi Mulanje. Munthu angathe kupezeka ndi chiwerengero chokwera pamene gwero lake lili m'matumbo kapena m'chikhodzodzo, osati m'mapapo. Ine ndikaona chiwerengero chotere, ndimapempha kuti chimbudzi ndi mkodzo ziyezedwenso ndisananene chilichonse chokhudza chifuwa. Palinso cholakwika cha mbali inayo: mapiritsi a prednisolone amagwetsa maselowa mofulumira, moti amene wayezedwa atangomwa kumene amaoneka ngati alibe. Ndi bwino kudikira milungu iwiri mutatsiriza mapiritsiwo, ndiponso kuyezetsa kachiwiri ngati chiwerengero chapezeka chotsika, popeza chimasinthasintha.

Chimene sindingafune ndi chakuti musiye beclometasone chifukwa cha pepala limodzi la zotsatira. Kuyambira mu 2019, bungwe la GINA, limene limalemba malangizo a chithandizo cha mphumu padziko lonse, linasiya kuvomereza kuti achinyamata ndi akuluakulu azidalira salbutamol yekha, chifukwa steroid wopopera ndiye amachepetsa kubanika koopsa ndi imfa.

Musanafike pa magazi, pali mafunso ena ofunika kuyamba nawo. Kodi mumapopera m'mawa ndi madzulo tsiku lililonse, kapena pokhapokha chifuwa chikathina? Kodi mankhwalawo amafika m'mapapo, kapena amathera pa lilime ndi kukhosi? Kulephera kwa mankhwalawa kawirikawiri kumachokera pamenepa. Pitani ndi chopopera chanu kuchipatala, mukapopere pamaso pa wachipatala kuti aone mmene mumachitira, ndipo mumupemphe akuonetseni kugwiritsa ntchito botolo lapulasitiki la mamililita 500 loboola kumunsi, limene limasunga mankhwala kuti muwakoke bwinobwino ndi mpweya. Mukatha, muzichukucha m'kamwa ndi madzi kuti mupewe zilonda zoyera za pa lilime. Ganiziraninso za utsi wa nkhuni m'khitchini yotsekeka, umene umachuluka m'miyezi ya June ndi July pamene anthu amawotha moto m'nyumba.

Zonsezi zikakhala m'malo koma kusintha palibe, wachipatala ayenera kutsimikiza ngati matenda anu alidi mphumu, pakuti chifuwa chachikulu cha TB, matenda a mtima ndiponso kuwonongeka kwa mapapo chifukwa cha utsi wa zaka zambiri zimabanikitsanso chimodzimodzi. Apa mpamene chiwerengero cha ma eosinophil chimathandiza kusankha pakati pa kuwonjezera mlingo wa mankhwala ndi kufufuza chifukwa china, ngakhale kukutumizani kuchipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Pakadali pano musagule prednisolone panokha n'kumamwa kwa nthawi yaitali, chifukwa angathe kuyambitsa shuga, kuthamanga kwa magazi ndi kufooka kwa mafupa. Mukabanika mpaka kulephera kumaliza chiganizo, ndipo salbutamol osathandiza, pitani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale uli usiku.