Mphaka wopanda ubweya ku Senga Bay: adye chani, asambe bwanji?

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Senga Bay. Akuti abwana awo omwe ankawagwirira ntchito pa loji abwerera kwawo ndiye awasiyira mphaka wopanda ubweya, ndipo zinthu zitatu zikuwasowetsa mtendere: mphakayo akudetsa mashiti ndi zinthu zabulauni ngati mafuta, akudya ngati ali ndi njoka m'mimba, komanso aneba akuti chimenechi ndi chamatsenga kapena chili ndi mphere. Iwo akumamudzoza Vaseline ndikumupatsa nsima ya msuzi wa usipa, funso nkumati kodi akulakwitsa pati.

Mayi, zikomo polemba. Tiyambe ndi za anebazo chifukwa ndikudziwa kuti ndi zomwe zikukuwawani kwambiri, kwathu kuno ngakhale chona wamba wakuda akangodutsa pakhomo usiku anthu amayamba kale kunong'onezana, nanga kuli bwanji wamakwinya wamakutu aakulu ngati mleme. Pa chithunzi mwatumizacho ameneyo ndi Sphynx. Dzinalo likumveka ngati la ku Egypt koma mtunduwu unayambira ku Toronto, Canada, mu 1966, pomwe mphaka wamba anabereka kamwana kopanda ubweya komwe anakatcha Prune, anthu nkuyamba kuweta dala amphaka otero. Ndi chibadwa basi, si matenda ndipo sangapatsire munthu kapena chiweto china. Mukamusisita bwinobwino mumva kuti ali ndi tiubweya tating'ono ngati ta pa pichesi.

Tsopano Vaseline uja siyani lero lomwe. Khungu la mphaka aliyense limatulutsa mafuta, kungoti mwa amphaka athu akumudziwa mafutawo amalowerera mu ubweya. Wanuyu alibe koti mafutawo apite ndiye amangokhala pakhungu nkumagwira fumbi, ndi zabulauni mukuziona pa mashitizo. Mukathiranso Vaseline pamwamba mukungotseka khungu, mapeto ake ndi tiziphuphu takuda pachibwano ndi kumchira. Chofunika ndi kumusambitsa, kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri malinga ndi mmene akudera, madzi ofunda pang'ono mu beseni, shampu ya amphaka ngati mungaipeze ku Lilongwe, apo ayi kansalu kofewa konyowa kakuthandizani kuposa sopo wochapira. Surf, Dettol kapena sopo wamtanda uja ayi chonde, Dettol ndi poizoni kwa amphaka chifukwa amadzinyambita. Tsukani m'makwinya, m'khwapa ndi pakati pa zala, kenako mumupukute ndi thaulo mpaka aume. Osapitiriranso muyeso nkumamusambitsa daily, khungu likauma kwambiri limayamba kutulutsa mafuta ochuluka kuposa kale.

M'makutu mumadzadza phula lakuda msanga chifukwa mulibe ubweya wotchinga fumbi, pukutani ndi thonje kunja kokha komwe mukuonako, osalowetsa kamtengo mkati. Kutsinde kwa zikhadabo kumakhalanso litsiro lomwelo.

Za kudya ndi pomwe ndikufuna tikhalitsepo. Sikuti ali ndi umbombo, thupi lopanda chofunda limataya kutentha nthawi zonse ndiye limawotcha chakudya mwachangu kuti likhale pa madigiri 38 mpaka 39 omwe mphaka amafunika. Nchifukwa chake mukamunyamula amamveka wotentha ngati akudwala malungo. Ndiye adyadi kuposa chona wamba, ndipo bola kumupatsa pang'onopang'ono katatu kapena kanayi patsiku kusiyana ndi mbale imodzi yodzadza madzulo.

Koma nsima ya msuzi ija sikumuthandiza. Galu amatha kukhalira nsima, mphaka ayi, thupi lake linapangidwira nyama ndipo muli chinthu china chotchedwa taurine chomwe amachipeza mu nyama mokha, chikasowa mtima ndi maso zimawonongeka. Achona akumudzi timawaona ali bwinobwino pa nsima chifukwa usiku amakadzigwirira makoswe ndi abuluzi, pomwe wanuyu ndi wa m'nyumba, zomwe mwamuikira m'mbale ndi zomwezo. Ngati thumba likulola, chakudya cha amphaka chogula monga Whiskas chikhale maziko chifukwa anasakanizamo kale zonse zofunika, inde ndi chodula ndipo kuno ku Salima sikuti muchipeza shopu iliyonse, mukapita ku town muzigula chokwanira mwezi. Pamwamba pake onjezerani za kwathu konkuno: nkhuku yowiritsa, mitima ndi nthutumba, dzira lophika, usipa kapena utaka wa fuleshi wowiritsa opanda mchere. Chiwindi pang'ono chabe kamodzi pa sabata, chikachuluka chimavulaza mafupa.

Ndikudziwa kuti kunyanja nsomba ndi zomwe zili pafupi ndiye chiyeso nkumangomuponyera zaziwisi kuchokera pa thandala. Musatero tsiku ndi tsiku, nsomba zambiri zaziwisi zimaononga vitamini B1 m'thupi mwa mphaka mpaka amayamba kudzandira ngati waledzera, kuwiritsa kumathetsa vutolo. Chambo muchotse minga. Ndipo msuzi wa pa mphika wanu uli ndi anyezi ndi mchere, mwina ndi adyo yemwe, anyezi ndi adyo zimaononga magazi a mphaka, ndiye patulani nsomba yake musanathire zimenezo. Mkaka wa ng'ombe nawo ambiri umawatsegula m'mimba, madzi oyera ndi okwanira, muzisintha kawiri patsiku makamaka nyengo yotentha, chakudya chonyowa chikakhala pa mbale ola limodzi kapena awiri ntchentche zayamba kale msonkhano.

Dzuwa la Okutobala ndi Novembala la kuno mukulidziwa nokha, ife akhungu lolimba timathawira pansi pa mango. Iyeyu amapsa ngati mzungu wagona pa mchenga ku Senga Bay, khungu kufiira kenako kusupuka, ndiye masana akhale m'nyumba, ndipo mafuta oteteza kudzuwa a anthu osamupaka, awanyambita. Mwera ukayamba mu Juni ndi Julayi nkhani imatembenuka, amazizidwa msanga, mupatseni bulangete loti azilowamo. Ine wina yemwe ndinamusungirako mnzanga kwa miyezi ingapo ndinamudulira mkono wa juzi yakale ya pa kaunjika nkuboola malo a miyendo, ana apanyumba anaseka mpaka misozi koma iye anagona tulo tabwino. Madzulo mawindo azikhala otseka kapena a sefa, udzudzu wa kunyanja umamuluma mosavuta poti palibe chotchinga.

Mwati mwina ndi njoka za m'mimba. Zitha kuthekanso, makamaka ngati akudya kwambiri koma akuonda nthiti nkumaoneka, pamenepo pitani naye kwa avetenale akamupatse mankhwala a njoka, mufunsenso ngati katemera wa chiwewe analandira. Musamuthire dibi kapena mankhwala a nkhupakupa a agalu, ambiri amakhala ndi permethrin yemwe amapha amphaka, ndipo Panado ngakhale theka la piritsi ndi imfa kwa mphaka. Chinanso mtundu umenewu umadziwika ndi matenda a mtima otchedwa HCM, minofu ya mtima imakhuthala, ndiye mukaona akupuma mwabefu kapena akutsegula kukamwa popuma asanathamange nkomwe musadikire mawa. Ku Lilongwe kuli chipatala cha ziweto cha LSPCA, kuchokera pa Salima boma ndi makilomita pafupifupi 100, ndipo ngati abwana aja anasiya kabuku kake ka katemera kafufuzeni m'madilowa mupite nako.

Mashiti aja muyaleponi chitenje chakale pamalo pomwe amakonda kugona, muzingochapa chimenecho.