Chilango choimitsidwa ndi police clearance pofuna ntchito ya ulonda

Bambo, mwafotokoza kuti khoti la majisitireti linakuzengani mlandu wakuba katundu wa abwana anu, munauvomera, koma simunalowe m'ndende chifukwa chilango chinaimitsidwa. Tsopano kampani ya alonda ikufuna police clearance, chikalata cha apolisi chosonyeza ngati munthu anapezekapo ndi mlandu, ndipo mukufunsa ngati mlanduwo udzaoneka komanso ngati mungangokhala chete.

Choyamba, pitani kukhoti lomwelo ndi nambala ya mlandu mukapemphe kwa kalaliki kope ya chigamulo. Ambiri amaganiza kuti amene sanagone kundende ndiye kuti sanapezeke wolakwa. Si choncho. Chilango choimitsidwa, chomwe chili m'gawo 339 la Criminal Procedure and Evidence Code, lamulo la kazengedwe ka milandu, chimaperekedwa kwa munthu amene khoti lamupeza kale wolakwa. Gawo 337 ndiye limasiyana: limalola khoti kungomudzudzula munthu n'kuthetsa mlandu osamulemba kuti ndi wolakwa. Onani bwino kuti majisitireti anagwiritsa ntchito gawo liti, poti yankho lanu pa fomu ya ntchito lagona pamenepo. Malinga ndi momwe mwalongosolera, ndikuona kuti lanu ndi 339.

Popanga police clearance, apolisi amatenga zidindo za zala zanu n'kuziyerekeza ndi zomwe zimasungidwa kulikulu lawo ku Area 30 ku Lilongwe. Kusintha dzina kapena kukafunsira kuboma lina sikuthandiza, zala ndi zomwezo. Chomwe chimavuta nthawi zina n'chakuti mlandu unatha munthu atapezeka wosalakwa, koma zolemba za apolisi sizinasinthidwe. Wotere apite ndi chigamulo chodindidwa ndi khoti kuti akonze.

Za apilo musadalire kwambiri. Wovomera mlandu amaloledwa kudandaula za chilango chokha, ndipo chidziwitso cha apilo chimayenera kuperekedwa pasanathe masiku 10 chigamulo chitaperekedwa, pokhapokha High Court itawonjezera nthawi pa chifukwa chomveka.

Pa fomu, werengani funso momwe alilembera. Likati "kodi munapezekapo wolakwa kukhoti?", yankhani kuti inde, mutchule mlandu, chaka ndi chilango. Munthu amene anangomangidwa kapena ali pa belo angayankhe kuti ayi ku funso limenelo, pakuti gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko limati munthu ndi wosalakwa mpaka khoti litagamula. Inu mukanama n'kudziwika, abwana adzakhala ndi chifukwa chokuchotserani nthawi yomweyo pansi pa gawo 59 la Employment Act ya 2000, ndipo khoti silidzakumverani chisoni. Kugula chikalata chachinyengo kwa madobadoba ndi mlandu wina watsopano, ndipo ungachititse kuti chilango choimitsidwa chija chiyambe kugwira ntchito ngati nthawi yake sinathe.

Kunena mosabisa, kampaniyo ikhoza kukukanani, chifukwa mlandu wakuba umakhudza mwachindunji ntchito yolondera katundu. Chomwe chimathandiza ndi kuulula nokha asanaone chikalata, mutanyamula makalata okuikirani umboni ochokera komwe mwagwirako ntchito chichitikireni mlanduwo, kwa amfumu kapena kwa abusa. Ntchito zosakhudza ndalama ndi katundu wa anthu, monga zomangamanga, sizikhwimitsa chotere.

Zimasintha ngati anakulembani ntchito akudziwa zonse kenako n'kukuchotsani pa nkhani yomweyo. Gawo 57 la Employment Act limafuna chifukwa chomveka, komanso kuti akumveni kaye musanachotsedwe. Kadandauleni ku ofesi ya leba ya m'boma lanu pasanathe miyezi itatu. Zikakanika kumeneko, nkhani imapita ku Industrial Relations Court, khoti la nkhani za pantchito, lomwe lingalamule kuti mubwerere pantchito kapena mulandire chipukuta misozi. Dziwani kokha kuti m'nthawi yoyesedwa ntchito, yomwe siyenera kupitirira miyezi 12, mgwirizano ukhoza kuthetsedwa popanda notisi. Ngati mulibe ndalama ya loya, pitani ku Legal Aid Bureau ndi chigamulo chija komanso kalata yomwe anakulemberani ntchito.