Ndinam'patsa kiyi, sikelo ndi foni tsiku limodzi

Alongo, mwalemba kuti mukufuna kusiyira munthu shopu yonse kuti inu mupumuleko, koma taimani kaye. Ndawerenga mtima ukugunda, chifukwa ine zinandionekera mu 2023 ndipo mpaka lero ndikamva fungo la nshawa zonyowa m'mimba mumandipota.

Ine ndimagula nshawa ndi soya kumidzi ya ku Chipangali, ndimaunjika mu shedi kufupi ndi msika wa Kapata ku Chipata, kenako ndimagulitsa kwa a mathiraki ochokera ku Lusaka. Kumaso kwa shediyo kuli kantemba ka shuga, sopo, saladi ndi mobile money. Mu Meyi chaka chimenecho amayi anadwala kwambiri, anatitumiza kuchipatala ku Lusaka. Panalibe nthawi yoganiza. Ndinaitana mwana wa alongo anga enieni, mnyamata amene ndinam'lipirira sukulu ndekha mpaka Giredi 12, ndi kum'patsa kiyi, sikelo, foni ya bizinesi ndi PIN yake, komanso K38,000 yogulira nshawa. Zonsezo titaimirira pa siteshoni, basi ikuliza kale. Ndinangoti, "Uona wekha mwana wanga, wakula iwe."

Milungu itatu yonse ndikaimba, yankho linali limodzi: "Zili bwino amalume, matumba akudzaza." Ine mtima pansi, ndikusamala amayi.

Tsiku lobwerera ndinakhala m'basi kuyambira m'bandakucha, kudutsa Luangwa, Nyimba, Petauke, Katete, ndikuwerengera phindu m'mutu. Sindinapite n'kunyumba komwe, ndinalunjika ku shedi ndi chikwama kumsana. Nditangotsegula chitseko fungo linandimenya kumaso. Ndinamasula thumba loyamba, kupisa dzanja mkati, mukutentha ngati muli moto. Potulutsa dzanja, nshawa zamatana, chuku chobiriwira, zina zakuda bii. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu pansi pake panali mchenga ndi makoko. Matumba 46, alongo, osanjikiza mpaka kumalata, ena atatsamira khoma popanda ngakhale mitengo pansi. Miyendo inandithera, ndinakhala pa sikelo pomwepo.

Amene mumagula mbewu mukudziwa, alimi ena amawaza madzi pa nshawa kuti zisavute kusenda, ndiponso zikanyowa zimalemera pa sikelo. Meyi ndi nthawi imene zambiri zisanaume bwino. Ngakhale a FRA, bungwe la boma logula chimanga, sayamba kugula chimanga mpaka chinyezi chitsike kufika pa 12.5 peresenti. Wogula weniweni amaluma njere, ikapanda kulira kuti "khwa" amaibweza. Mnyamata uja amangopima ndi kulipira, kupima ndi kulipira, kuti anzake am'tche bwana.

M'mawa mwake kunafika wa thiraki amene tinapangana kalekale. Anabaya matumba atatu, kuluma, kulavula, n'kukwera m'galimoto yake osanena kanthu. Anthu a njinga ndi azimayi ogulitsa tomato onse akuyang'ana. Manyazi amenewo sindidzawaiwala. Tinayala matenti padzuwa, akazi anga ndi ana kusankha njere imodziimodzi masiku anayi mpaka zala kutupa. Tinapulumutsa matumba 17 okha. Zotsalazo sungapatse ngakhale nkhuku kapena nkhumba, poizoni wa chuku uja, aflatoxin, amapha ziweto ndipo amawononga chiwindi cha munthu. Tinakwirira.

Ndiye foni. Filoti yonse, ndalama zogwirira ntchito ya mobile money, palibe, mameseji anafufuta. Nditakatenga sitetimenti ku ofesi ya netiweki ndinapeza ndalama zikupita ku kubetcha mpira usiku ndi usiku. M'buku la nkhongole analemba "mnyamata wa njinga", "amayi a kutchalitchi", popanda tsiku, popanda ndalama zake. Ukam'tsata ndani?

Koma chimene chimandiwawa kuposa ndalama ndi msonkhano wa pabanja. Ndinaitana akuluakulu ndikuganiza kuti am'dzudzula. Mayi ake, mlongo wanga wa bere limodzi, anayamba kulira kuti ndikufuna kumangitsa mwana wake. Wina akuti chibale n'fupa sichiola, wina akuti ndalama zimapezeka. Zimapezeka kuti? Ndani wa iwo anabwera kudzasankha nawo nshawa padzuwa paja? Mnyamatayo anakhala chete akuseweretsa foni, osati ngakhale "pepani amalume". Ine ndinalowa mu kaloba, nkhongole ya chiwongoladzanja chachikulu, kuti ndibweze ndalama za chilimba, gulu lathu losonkherana ndalama, zimene ndinatengako, ndipo ndisanapume n'komwe chinabwera chilala cha 2024, mbewu yogula kunalibe. Ngongole ndinaimaliza patatha chaka ndi theka. Pamaliro timakumana, amandipatsa moni ngati palibe chinachitika.

Tsono musasiyire munthu bizinesi yanu, makamaka wachibale, chifukwa wachibale simungam'chotse ntchito popanda mudzi wonse kulowererapo.

Komabe nokha simungathe, mudzadwala, ndipo tsiku la mavuto ngati langa lija lidzakupezani mulibe amene munam'phunzitsa. Apa ndiye pamene panandipweteka: mnyamata uja sindinapitepo naye kumudzi ngakhale kamodzi kukamuonetsa kuluma njere. Yambani lero muli pomwepo. M'patseni ntchito imodzi yokha, monga kugulitsa pa kantemba, inu mukuona, mwezi wathunthu. Akaikhoza muonjezere ina. Wopima asakhale yemweyo wosunga ndalama. PIN ndi yanu nokha, alimi muziwalipira ndinu pa foni iye akakutumizirani chithunzi cha sikelo. Muuzeni malire momveka: nkhongole ayi, kutsitsa mtengo ayi, chilichonse chopitirira K500 aimbe kaye. Loweruka lililonse madzulo muziwerengera katundu limodzi, shuga paketi imodziimodzi, ndipo onse awiri musaine m'buku. Malipiro ake akhale odziwika, olembedwa, pa tsiku lake, mum'lembetsenso ku NAPSA, bungwe la penshoni. Uja ndinkangom'patsa ya sopo ndikakumbuka, mwina n'chifukwa chake ankaona ngati ndalama za mu shopu ndi zakenso, ngakhale zimenezo sizim'chotsera mlandu.

Pano pa kantemba pali mtsikana wa ku Katete amene si m'bale wanga, wakhala chaka ndi miyezi, buku lake limagwirizana mpaka ngwee. Kiyi wa shedi amasunga mlamu wanga, inde ndi wachibale, koma uyo ndinayenda naye kumidzi nyengo yonse yogula asanagwire sikelo yekha. Mukam'peza munthu wanuyo musam'funsefunse mphindi iliyonse, amatopa n'kusiya kuganiza yekha. Ine ndimaimba kawiri patsiku, nthawi zina kanayi, ndipo thumba lililonse lolowa mu shedi ndimalibaya ndekha ndikafika.